Dzanja la a Chitsulo

Akuti, ndipo wondiuzayo anachita kulumbira mpaka kulozera kumwamba, amene anaitanitsa msonkhano woukira bwana pa famu pathu pano ndi a Chitsulo. Eya, a Chitsulo omwewa, amene amagwadira galimoto ya bwana ngakhale mutakhala dalaivala yekha!

Ntchito yawo ndi imodzi: kumenya chitsulo cha gudumu la thirakitala chopachikidwa pamtengo, kuti anthu adzuke apite kumunda. Anayamba ali ndi mano onse, lero atsala ndi oti nthochi yakupsa imawaseka. Malipiro ake enieni ndi nyumba yakumapeto kwa mzere, chipinda chimodzi, malata odontha, koma ndi ya famu. Ntchito ikatha nyumba yathanso, katundu amakakutulira kunja kwa geti. Ndiye mkuluyu kwina kopita alibe. Anabadwira momwemo.

Chinawatembenuza mtima n'chitsime. Opopera mankhwala m'munda amatsukira migolo yawo pambali pake, moti madzi athu ntchentche isanamwe imayamba yatsanzika abale. Ana kutsegula m'mimba, akazi a a Chitsulo zidzolo thupi lonse. Mkulu uja anayenda khomo ndi khomo, kunong'ona ngati akufunsira mkazi wamwini, mpaka Lamlungu masana tinadzadza kuseri kwa shedi ya feteleza.

"Abale anga, mawa pasapezeke wogwira khasu mpaka bwana atikumbire chitsime china," anatero.

"Nanga chitsulo chikalira?" anafunsa mlamu wawo, yemwenso ndi wopopera.

"Chilira bwanji, alamu? Woliza ndine!"

Tinaseka mpaka misozi. Wina anati tiwanyamule pamapewa, tinalephera chifukwa aliyense msana unali ndi mavuto akeake.

Kutacha, chitsulo chinalira. Ngee! Ngee!

Akazi awo akuti anawaona akudzuka maso ali chitsinzire, kutola hamala pansi pa bedi, n'kutuluka monga achitira moyo wawo wonse. Mwini wake anali pa sitalaka, koma dzanja palibe analiuza. Ndipo ife, asilikali adzulo aja, tinangozindikira tili pamzere, makasu paphewa, aliyense akuwerenga zala zake zakumapazi. Ena akuti ankayesa kuti zinthu zasintha. Ena akuti anangotsatira mnzawo. Ine musandifunse, ndinali kutsogolo.

Masana kapitawo anafika pakhomo pa a Chitsulo akuseweretsa loko watsopano m'manja. Mzere wonse tinali pomwepo, aliyense akuti wabwera kudzabwereka singano. Akazi awo anali khale pakhomo akukanda mikono, ndowa ya madzi omwe aja pambali.

"Madala," anatero kapitawo, "ku ofesi kwamveka zoti mwasanduka mtsogoleri. Bwana akuti ngati n'zoona, nyumbayi ilowe munthu wina lero. Ndiye tiuzeni pamaso pa anthu anuwa, msonkhano uja munaitanitsa ndinu?"

A Chitsulo anatiyang'ana mmodzimmodzi. Ife tinapeza kuti kumwamba kuli mitambo yokongola kwabasi, yoti sitinaionepo chibadwire. Mlamu wawo anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za jombo zopanda zingwe. Mkulu uja anayang'ana akazi awo, kenako loko uja, nati:

"A kapitawo, ine sindinaitanitse msonkhano uliwonse. Ndipo madzi a pachitsimepo ndi abwinobwino."