Nthiti za boti la alamu

Masiku amenewo ndinali ndi kasitudiyo pafupi ndi msika, pa boma la Mangochi. Ndinkajambula maukwati, makanda, ndi anyamata ofuna kutumiza nkhope kwa zibwenzi. Matama ndinali nawo, sindikana. Aliyense ndinkamulamula kuti, "Kwezani chibwano," ngakhale a shehe amene.

Tsiku lina achemwali anga anafika kuchokera ku Malindi maso ali psuu. Amuna awo, mmisiri wokhoma maboti a matabwa, anali atatsimikiza zosiya ntchitoyo n'kupita ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Boti lawo linali litatha miyezi pagombe popanda wolifunsa. Eni makoka ambiri anali ku Makanjira, koma ndani akanalimbana ndi msewu uja kudzaona boti la munthu wosamudziwa?

Ndinapita nawo ku Malindi, kamera ili m'khosi. "Alamu, ngati ogula sakubwera, boti ndilo lipite. Ndilinyamula mu envulopu."

"Kujambula boti?" anaseka alamu. "Nanga mukaliuza kuti limwetulire, likumvani?"

Ndinalikonza ngati mkwatibwi. Tinalitsuka, kunja tinapaka penti yobiriwira. Anthu anathamangira kukavala za kutchalitchi kuti adzaime pambali pake, ine n'kuwapirikitsa onse. Mudzi unandikwiyira, poti kwa iwo chithunzi chopanda munthu kunali kutaya filimu. Nditakwera m'botimo kufuna poima pabwino, ndinaterereka, chala n'kudina kamera italoza pansi. Ndinadzitukwana chamumtima.

Zithunzi zitabwera kuchokera ku Blantyre komwe ankazitsuka, ndinakwera lole ya ku Makanjira, khadi la chipani m'thumba la shati. Lole tinaikankha kawiri mumchenga, koma envulopu sinadetsedwe.

Pagombe anandilozera mkulu wina wa kofia yoyera, mwini makoka, akusoka ukonde. Ndinayala zithunzi pamkeka monyadira. Anaziyang'ana chimodzichimodzi nati, "Penti yabwino," n'kubwerera ku ukonde wake. Ndinaganiza za achemwali akutsala okha ndi ana.

Ndikutolera zithunzi, chowonongeka chija chinapulumuka mu envulopu. Munali nthiti za boti, mitu ya misomali, ndi nsonga ya nsapato yanga. Ndisanachibise, mkuluyo anali atachitola. Anachiyandikiza kumaso, kenaka anakuwira anzake m'Chiyao. Posakhalitsa mitu isanu inali itagundana pa kapepalako, wina akuwerenga nthiti ndi chala, wina akuloza mmene thonje analikhomerera m'mipata ya matabwa.

"Mlombwa uwu?" anafunsa mkuluyo.

"Mlombwa weniweni, bambo."

"Ndiye mumabisiranji, achimwene? Penti ngakhale mwana amapaka. Ife boti timaligula m'mimba. Mukawauze amisiriwo asapereke kwa wina. Tikaswali Ijumaa Lachisanuli, Loweruka ndili konko, inshallah."

Mnzake anati nayenso akufuna lotero, koma lalitaliko. Manyazi anandigwira, komabe chimwemwe chinaposa. Pobwerera ndinaimba nyimbo palole mpaka amayi ena anandifunsa ngati ndalawako.

Ntchito yomwe inandilerera ana inayambira pamenepo. Akalipentala, okonza injini za maboti, ngakhale oluka mipando ya mlaza ankanditumiza ndi zithunzi kwa ogula akutali, ndipo ndinaphunzira kufunsa kaye kuti wogula amayang'ana pati. Koma za tsiku lija sindiiwala.

Nditafika ku Malindi n'kufotokoza, achemwali analulutira mpaka nkhuku kubalalika. Alamu anapukuta manja pa kabudula, anatenga chithunzi chija, nakhala pa chitsa kuchiyang'ana nthawi yaitali, akusisita ndi chala chachikulu pomwe panakumana matabwa. Atadzutsa mutu, misozi inali lengelenge, uku akumwetulira.

"Alamu," anatero, "zaka zonsezi ndimayesa kuti m'mimba mwa botimu saonamo munthu."