Nambala ya matenda amene ndinalibe

Nesi wa pakiliniki ina ku Matero atandiyeza, anati kufiira kwa pakhomo la chiberekero changa si matenda, azimayi ambiri ali nako. Mtima unakhala pansi.

Koma pawindo lolipirira, kalaliki anayamba kusakasaka pakompyuta nambala ya matenda anga yoti alembe papepala la inshuwalansi.

"Matenda ati?" ndinawafunsa. "Ba nesi akamba kuti nili bwino."

"Amayi, a inshuwalansi salipirira munthu wosadwala," anayankha osandiyang'ana n'komwe.

M'minibasi yobwerera kunyumba ndinkawakayikira onse awiri. Mwina nesi anandibisira zoopsa, mwinanso kalaliki anandiveka matenda kuti kiliniki idyepo. Mpaka lero sindidziwa amene ananama. Koma m'chipinda choyezera ndinatuluka wathanzi ine, ndinakadwalira pawindo.