Kaseti Imene Amayi Ankaimalizitsa

Dzulo mwana wanga Tadala anandipezera pa foni nyimbo za sewero lina lakale lachizungu, zoimbidwa ndi magulu awiri osiyana. "Amayi, aluso ndi ati?" anandifunsa. Maganizo anga anabwerera ku ubwana wanga.

Kwathu ku Old Town tinali ndi kaseti ya gulu loyambalo. Tsiku lina wailesi inaitafuna. Bambo anaiwongola n'kuipota ndi bolopeni, koma pamene panakwinyika mawu anafufutika. Pakati pa nyimbo ya mkazi wotsanzikana ndi mwamuna wake, kaseti inkangoti zii. Amayi anga, uku akusita malaya a bambo opitira kuntchito ku Capital Hill, nsimbi ikununkhira makala, ndi amene ankaimba pamenepo mpaka mzungu uja abwererenso.

Amayi atamwalira, bambo anabwera ndi kaseti ina. Nyimbo zinali zomwezo, koma mawu a mkaziyo anali opyapyala, othamanga. Ine ndinaganiza kuti mwamuna wa m'sewero uja wakwatira wina, ndipo ndinakwiya.

"Ababa, mkazi woyamba uja amusiyiranji? Ankaimba bwino kuposa uyu."

"Sanamusiye, mwanangu. Angosintha oimba basi."

"Ndiye ikani yakale ija."

Anaitenga, anaipukuta ndi malaya awo, n'kuibwezera m'kabati. "Yatsopanoyi siduka," anatero chapansipansi.

Ndinakula ndikuganiza kuti bambo sadziwa kusiyanitsa mawu okoma. Ankadziwa bwino lomwe. Chimene sakanatha n'kukhala pabalaza, kumva kaseti ikufika pachete paja, popanda woimbapo.