Nsalu pa Bokosi la Mama

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku chigwa cha Henga, kufupi ndi Phwezi, abale anga ku Dedza anandilira ngati ndikupita kunja kwa dziko. Zipani zinali zitangoyamba kuchuluka, aliyense akuyankhula mokweza ngati wangotulukira kumene kuti ali ndi pakamwa. Nyumba za aphunzitsi ndinazipeza zodzaza, choncho ndinapeza chipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, amenenso anali mkulu wa mpingo. Mudzi wonse unkangowatchula kuti Mama, inenso ndinatengera pomwepo.

Mama sanali munthu wophweka. Ankawerenga nyuzi ndi magalasi okhala pansonga ya mphuno, akukangana ndi mlembi ngati ali pomwepo. Chitumbuka changa ankachiseka poyera, amvekere chikuyenda ngati njinga yoduka tcheni. Ndinkawaopa chaka choyamba, kenako ndinawakonda kuposa mmene ndinkayembekezera kukonda munthu wachilendo.

Ankanyadira kuti atsogoleri a mipingo ndiwo anayamba kutsegula pakamwa nthawi imene tonse tinkanong'ona. Koma zinthu zitasintha, andale anayamba kukonda tchalitchi modabwitsa, makamaka chisankho chikayandikira. Ankafika Lamulungu mochedwa, kuwakhazika kutsogolo, ndipo zilengezo zikatha ankapatsidwa mpata woti apereke moni. Moni wake unkatha ndi lonjezo la malata. Munthu wotere akangoimirira, Mama ankanyamula Baibulo lawo n'kukakhala panja pansi pa mtengo, kubwerera akamva nyimbo. Sankasankha chipani. Aliyense ankamutulukira mofanana.

Tsiku lina ndinawafunsa ngati sakuchititsa manyazi abusa.

"Mwana wane," anatero, "abusa anayankhula nthawi ija chifukwa mkamwa mwawo munalibe nyama ya munthu. Akadya malatawa, mawa adzamudzudzula bwanji?"

Anandifotokozeranso za kale, mmene ankatsekera sukulu kuti akavine pamaso pa mtsogoleri wa dziko, atakwezedwa pa lole m'bandakucha, onse atavala nsalu imodzi. Iwo ankavina bwino ndithu, sankabisa. "Kweni nsalu ya nkhope ya munthu ndinavala yokwana," anatero, n'kubwerera ku nyuzi yawo.

Patapita zaka, mwana wawo wamwamuna amene ankagwira ntchito ku Lilongwe anabwera kudzaimira uphungu wa dera lathu. Anali munthu waulemu, wodziwa kupereka moni, ndipo amayi ake ankamunyadira ngakhale sankafuna kuti zioneke. Chaka chomwecho Mama anayamba kudwala miyendo ndi mtima. Ku tchalitchi anasiya kupita.

Masana ena ndikuchokera kusukulu, anandiitana pakhonde. Pamwendo pawo panali bulauzi yoyera ndi duku loyera, yunifolomu ya amayi a mvano, amene kumeneko amati umanyano. Mayi wa umanyano akamwalira, anzake amayala zovala zimenezi pamwamba pa bokosi, n'kumuperekeza ndi nyimbo mpaka kumanda.

"Madamu, khalani pansi," anatero. Akanditchula kuti madamu ndinkadziwa kuti nkhani ndi yaikulu. "Ine ndikupita chisankho chisanafike. A chipani cha mwana wanga adzabwera ndi nsalu yawo kudzafunditsa bokosi langa. Pabokosi panga ndikufuna izi zokha. Abale anga sangakane, onse akuyembekezera kudya naye. Inu ndinu mlendo, palibe angakulandeni munda."

Ndinayesa kuzemba. Ndinati wantchito wa boma salowerera za ndale, komanso ndine wakubwera, pamaliro a eni ndingayankhule chiyani?

"Si paja kwanu mumati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa? Kanu kali kuti?" Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anati, "Mukamuuze kuti voti yanga ndikanamupatsa, ndi mwana wanga. Koma bokosi langa sindimupatsa."

Ndinavomera.

Anamwalira fodya akukololedwa, chisankho chili pafupi. M'mawa wa tsiku loika maliro, ndinali m'nyumba ya siwa pamodzi ndi amayi a umanyano amene ankaimba mosalekeza, nyimbo ina ikatha wina n'kuyambitsa ina. Kenako panja panaima lole. Inabwera ndi ufa, shuga, nkhuni, ndi bokosi lokongola lopakidwa vanishi. Ndisaname, anthu a chipaniwo anathandiza kwambiri, ndipo ambiri mwa amayi amene anatsika pa loleyo anali ophunzira a Mama akale, ankalira zenizeni. Thupi litaikidwa m'bokosi, awiri mwa iwo analowa mogwada n'kuyala nsalu yatsopano kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Nkhope ya mtsogoleri wawo inagwera pachifuwa penipeni pa Mama.

Ndinakwawa mpaka pamene panakhala mtsogoleri wa amayi a umanyano, mayi wamfupi wosayankhulayankhula, amene anali atanyamula kale bulauzi ndi duku kuti akayale. Ndinawanong'oneza zonse m'Chitumbuka changa cha njinga yoduka tcheni chija. Ndinkadziwa kuti iwonso nsalu yomweyo ali nayo kunyumba, ndinali nditawaonapo atavala pamsonkhano. Anangopinda bulauzi ija n'kuisunga pamwendo pawo.

Nyimbo imene inali pakamwa inatha, ndipo mayiyo sanayambitse ina. Wina pakona anayesa kuyambitsa, koma ataona bulauzi ili pamwendo anaimeza. M'nyumba munangoti zii.

Sindinkadziwa kuti maliro opanda nyimbo amaopsa chotero. Tinkamva mbale zikugundana kuseri, mwana akulira kutali, ngakhale ntchentche. Abambo panja anasiya kucheza. Abusa anali atafika kale ndipo ankadikira kuti thupi lituluke, koma thupi la mayi wa umanyano silituluka amayi ali chete.

Mwana wa Mama analowa, maso ali ofiira, n'kugwada pakhomo. Anafunsa chimene chalakwika. Amayi onse anayang'ana pansi, kupatula mtsogoleri uja, amene anayang'ana ine.

"Achimwene, pepani," ndinatero. "Mama anandisiyira mawu. Anati pabokosi pawo pakhale bulauzi ndi duku basi."

"Madamu," anayankha motsitsa, "bokosili agula ndi anthu amenewa. Akuluakulu a chipani ali panjapa. Ndiwauza chiyani? Mukufuna ndigwe?"

Sanali kukalipa. Ankandifunsa zenizeni, ndipo ndinamumvera chisoni. Ndinamupatsa yankho la amayi ake, mmene analinenera, osachotsa kapena kuwonjezera: voti akanamupatsa, bokosi ayi.

Anatseka nkhope ndi manja. Mapewa ake ankagwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, mwina zonse ziwiri. "Ndi iwowo amenewo," anatero. "Ngakhale atagona sasiya kundiphunzitsa."

Anayenda ndi maondo mpaka pabokosi. Anachotsa nsalu ija yekha, mosamala, kuipinda ngati chovala cha ku tchalitchi, n'kuipana kukhwapa. Mtsogoleri wa umanyano anayala bulauzi, kuika duku kumutu, kusalaza ndi dzanja. Amene anayambitsa nyimbo anali mmodzi wa amayi awiri anayala nsalu aja. Nyumba yonse inamulandira, ndipo ine ndinalira koyamba chimwalirire Mama.

Kumanda, akuluakulu a chipani anapatsidwa mpata wawo woyankhula, mwambo wa mpingo utatha. Anayankhula mwachidule, nkhope zili gwa. Ndinamva pambuyo pake kuti ena sanamukhululukire mwana wa Mama, ndipo magalimoto a kampeni anayamba kuchepa pakhomo pake. Ine sanandisungire mangawa. Pochoka anandigwira dzanja n'kungoti, "Yewo chomene, madamu," ndipo anauza abale ake kuti chipinda chija ndikhalemobe.

Uphungu sanaupeze. Ngati nsalu ija inathandizira kugwa kwake sindidziwa, ndipo sindinayerekeze kumufunsa.

Pa moyo wanga wonse wa uphunzitsi sindinauzepo munthu amene ndinamuvotera, ngakhale mwamuna wanga. Voti imodzi yokha ndiyo ndimaulula. Tsiku la chisankho chimenecho ndinaima pamzere pasukulu yathu yomwe, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nditalowa m'kachipinda kovotera ndinafufuza nkhope ya mwana wa Mama. Bokosi anali atawabwezera amayi ake. Voti imene Mama anamulonjeza ndinakaiponya ndine.