Maliro a Rozina Anasowa Dayosizi

Lamulungu lapitali kutchalitchi kwathu ku Kawale analengeza kuti mphakati wathu ausamutsira ku parishi ina. Anthu anaomba m'manja, koma ine ndinakumbukira Rozina, mlongo wanga.

Tinkakhala m'malire a Dedza ndi Mozambique. Mudzi wathu unali tsidya la msewu, ku Mozambique, koma tinkapemphera mbali ya Malawi, ndipo tonse tinabatizidwa kumeneko. Apwitikizi atachoka, akuluakulu anati mudzi wathu tsopano ndi wa dayosizi ya ku Mozambique, kumene olamulira atsopano anali atatseka kale mishoni.

Rozina anamwalira ndi chikuku asanayambe n'komwe sukulu. Amayi anandigwira dzanja, tinaoloka msewu kukagwada pakhomo pa akatekisiti, a Zakariya, amene chaka chilichonse ankadya kachewere wa m'munda mwathu. Tinawapeza akupukuta njinga.

"Abambo, mwana uja watisiya. Mubwere mudzamupempherere."

Sanadzutse mutu. "Mayi, inu ndi a dayosizi ina. Kaitaneni ansembe anu."

"Ansembe ake ati? Si inu munamugwirira kandulo pa ubatizo?"

"Dzukani, mukunditsekera njira."

Ine ndinaganiza kuti dayosizi ndi matenda, ndipo ndi amene apha Rozina. Pobwerera ndinafunsa, "Amayi, kodi inenso ndili nayo dayosiziyo?" Anandiomba khofi pakamwa pamsewu pomwepo, mpaka ndinalavula magazi.

Tinamuika popanda kwaya, amayi akutsogolera okha pemphero la korona, mawu atasasa.

Ndakula ndipo ndadziwa kuti khofi lija linali la a Zakariya, kungoti pakamwa pamene panali pafupi panali panga.