Sitima Siidikira Kudzaza

Kwathu ku Katete minibasi imanyamuka ikadzaza. Kondakitala akhoza kulumbira kuti "tikupita pompano, bwana," koma iwe umangoyang'ana mipando. Ikakhala ilipo yopanda anthu, pita ukamete, udzaipeza. Nzeru za ulendo zomwe ndinali nazo n'zimenezo basi, poti sukulu ndinalekera giredi faifi nditamenyana ndi mwana wa aphunzitsi.

Chaka chimene alongo anga anadwala ku Kitwe, amayi anatuma ine. Miyendo ya amayiwo inali itatupa, ulendo sakanautha. Anasinja chiponde, n'kuthira m'botolo, n'kukulunga m'chitenje.

"Ukamuuze kuti n'cha mtedza wa m'munda mwake muja. Ndipo iwe, pakamwa pakopo ukatsekeko."

Basi inanditula ku Lusaka. Kuchokera apo ndinati ndikwere sitima, poti inali yotchipa. Pakhoma la siteshoni anamatapo pepala la nthawi: mayina a malo kutsika m'munsi, manambala mopingasa. Pa dzina la Lusaka panali manambala awiri. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chala chili papepala.

Bambo wina wachikulire wovala chipewa, amenenso ankadikira sitima, anandiyandikira.

"Mwana wanga, yoyambayo ndi nthawi yofikira, yachiwiriyo ndi yonyamukira. Pakati pakepo musatalikire."

Kumbuyo kwanga atsikana awiri ankaseka zawo. Ine ndinati akuseka ine. Mtima unandipsa.

"Ndakufunsani, adala? Mwaona ngati maso ndinasiya kumudzi?"

"Pepani, akuluakulu," anatero, n'kubwerera pabenchi pawo.

Sitima inafika masana. Ndinasuzumira pawindo, mipando yambiri ili mbee. Ndinati iyi mpaka dzuwa lipendeke. Ndinatuluka kukafuna malalanje, poti alongo anga ankawakonda kuyambira tili ana, ndipo ndinatayanso nthawi kukangana ndi mayi wogulitsa amene ankandisankhira ofota. Kulira kwa sitima ndinakumva. Ndinati ndi zija za makondakitala, zoliza hutala galimoto isakusuntha.

Pobwerera ndinapeza njanji zokhazokha. Pabenchi paja panalibe munthu.

Mayi wosesa pasiteshoni ndiye anandiwerengera pepala lomwe lija, ine nditagwetsa nkhope: sitima ina inali ya pakapita masiku. Ndalama ya basi ndinalibe, foni nayo inali itazima. Ndinadikira, botolo lili pamiyendo.

Ku Kitwe alamu anandilandira pachipata osandiyang'ana kumaso.

"Anatisiya dzulo m'mawa. Ankangofunsa ngati mwafika."

Chiponde chija anathira mu ndiwo za pamaliro. Malalanje sindikumbuka kumene anapita.

Lero pepala lotere ndimaliwerenga bwinobwino: dzina la malo, tsiku, kenako nambala yachiwiri. Koma amayi ndinawauza kuti sitima inachedwa, ndipo anakhulupirira, monga aliyense amakhulupirira. Mpaka pano wina akatchula sitima pakhomo pathu, iwo amayamba kuitukwana kuti inawamana mwana wawo. Ine ndimatenga khasu n'kupita kumunda, ngakhale kulibe cholima.