Dothi la Pakamwa pa Mbawala

Ndinadziwa kuti m'nyumba mwalowa chinthu choipa tsiku limene ndinanunkhiza supuni ya mwana. Kanali kasupuni kakang'ono kamene ndinkadyetsera khanda langa phala, ndipo ndinakapeza pawindo, osati m'beseni momwe ndinakasiya. Kumchira kwake kanali katasulidwa ndi mwala mpaka kuphwatalala, ndipo pamenepo panali patamatirira tiubweya tofiirira. Fungo lake sindidziwa kuti ndilinene bwanji. Ngati nyama yoiwalika m'jumbo, koma pamwamba pake kafungo kena kolasa m'mphuno, konga ka kunazale ya fodya akangopopera kumene. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba kukasanza.

Nthawi imeneyo tinkakhala cha ku Mkanda, kwawo kwa amuna anga, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kozira pansi. Ndinali ndi ana awiri, mtsikana wa zaka zinayi ndi mnyamata amene anali atangoyamba kukwawa. Fodya chaka chimenecho anatikana, ndiye amuna anga anawoloka kupita ku Zambia kukasaka maganyu. Anakagwira kwa bambo wina amene amakonza mitu ya nyama zakutchire kuti izioneka ngati yamoyo, anthu n'kumaipachika pakhoma m'malo ogona alendo. Pobwera anali ndi thumba kumbuyo kwa njinga. Munali chikopa cha mutu wa mbawala chothira mchere, nyanga zake, maso awiri agalasi, ndi chimutu chopanga, chachikasu, chopepuka ngati chitsononkho. Abwanawo anati akayesere kunyumba, akachikhoza adzawalemba ntchito yeniyeni.

Ntchitoyo anaiyala pabalaza. Ndinati bwanji osapita nayo kuchigafa cha fodya, iwo anati chigafa chilibe chitseko, agalu angawadyere tsogolo lawo. Ndiye inakhala pamenepo, pakatebulo kathu kamodzi komweko, pomwe mwana amagwira akafuna kuimirira.

Nditapukuta pakamwa ndinalowa ndi supuni ija m'manja.

"Abambo, supuni ya mwana mwaitani?"

"Ndangobwereka. Chitsulo cholowetsera milomo ndinachiiwala kutsidya."

"Milomo ya ndani?"

"Tabwerani muone, amake mwana. Inu zonse mumangoopa ngati nkhuku yogula dzulo."

Ndinaona, ndipo mpaka lero ndimalakalaka ndikanapanda kuona. Chikopa chija anali atachiviika m'madzi kuti chifewe, ndipo milomo yake anaitembenuza kunja kukhala m'kati, n'kumaing'amba pakati ndi lezala, pang'onopang'ono, kuti itambasuke ikhale yopyapyala. Tizidutswa toyera tamafuta tinkagwera pansi, ntchentche zili ng'waa, nkhuku zikusuzumira pakhomo. Kenako anachikokera pachimutu chija ngati akuveka mwana juzi yothina. Maso asanakhale bwino m'malo mwake, makutu ali lende, milomo ikulendewera ngati sanza yonyowa. Pachimutupo panali kamzere kozama kozungulira pakamwa ponse. M'kamzeremo ankaikamo guluu ndi dothi lofewa lopota ngati kachingwe, kenako n'kutenga mchira wa supuni ya mwana wanga n'kumakankhira mlomo m'katimo, kuyambira pansi pa mphuno kupita cham'mbali. Akakankha, timadzi tofiirira tinkatuluka n'kutsetserekera kuchibwano. Akamaliza kagawo, ankabaya mapini kuti pasabwerere.

"M'ngodya umu ndi momwe muli ntchito," anatero osandiyang'ana. "Mukalowetsa pang'ono, chikauma chimakoka, mbawala n'kumaseka ngati yaledzera. Ndani angagule mbawala yoseka?"

Ine maso anga sanali pa mbawala. Anali pa dothi lija. Linali m'mbale yathu yakale yachitsulo, lotuwa bwino, losalala, ndipo ndinalizindikira. Linali la pachulu cha kuseri kwa khola, chomwecho chimene ine ndinkakaswako ndili woyembekezera n'kumadya, ndipo mtsikana wanga anatengera khalidwe lomwelo, ukangomusiya pang'ono umupeza kukamwa kuli mbuu. Koma ili linkanunkha kunazale.

"Mwathiramo chiyani umu?"

"Timankhwala pang'ono. Ufa woyera umene anandipatsa abwana unachepa, ndiye nyerere zinayamba kale kulowa m'mphunomu."

"Mankhwala ake ati?"

Analoza ndi chibwano pansi pa tebulo. Panali kabotolo ka zakumwa kopanda chizindikiro, kotseka ndi pepala la pulasitiki. Mankhwala a fodya ogula moyeza pamsika, omwe aja amuna anga amatiuza okha kuti ana asayandikire kudimba akapopera. Ndinawakumbutsa zimenezo.

"Aja ndi opopera," anatero. "Awa ndasakaniza ndi dothi, afooka. Musadandaule, mbawala yomweyi ikadzatigulira malata mudzaipsompsona ndinu."

Apongozi anga anabwera masana amenewo, anaima pakhomo, anagwira mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Mwana wanga, kwathu kuno nyama timadya, sitiiveka," anatero, n'kulavula. Ndinaganiza kuti ndapeza wondithandiza. Koma potuluka anandikokera pambali n'kunena kuti mwamuna akapeza pogwira usamamufooketse, fungo silipha munthu.

Ndiye ndinayamba kulondera. Supuni ija ndinawasiyira, mwana ndinkamudyetsa ndi chala. Kabotolo ndinkakakweza pamwamba pa khoma, iwo n'kukatsitsa, ine n'kukakwezanso. Mwana sankachoka kumsana ngakhale ndikusinja, mpaka msana unkachita kutentha. Tinkadyera panja. Koma ntchitoyo sinkatha. Kukacha ankapeza ngodya imodzi yasomphoka, mlomo wakwera m'mwamba, kamzere kachikasu kakuonekera, ndiye ankazula mapini, kunyowetsanso ndi kansanza, kukanyanso dothi lina. Kunyowetsa kulikonse fungo linkakula. Ubweya wa m'mbali mwa kamwa unayamba kusosoka wokha, ukumatirira ku zala zawo, zala zomwezo n'kubwera nazo kumbale ya ndiwo atangozitsukuluza pamwamba. Zovala zathu, bulangete, ngakhale tsitsi la mwana, zonse zinkanunkha chikopa chowola, moti kutchalitchi ndinkakhala kumapeto kwa benchi.

Amene sankanyansidwa ndi mtsikana wanga. Ankakhala chonjuta pakhomo, chibwano m'manja, kuyang'anitsitsa dzanja la bambo ake.

"Ababa, ikumva kuwawa?"

"Ayi, mama. Ndikuikonza pakamwa kuti ikongole."

"Ikakongola idzadya?"

"Idzadya ndalama," ankatero akuseka. Ine ndinkamukoka pamkono, iye n'kubwereranso.

Tsiku limene zinachitika, amuna anga anapalasa njinga kupita pa Mkanda kukagula guluu wina. Ine ndinali nditayanika mtedza kuseri, ndipo mbuzi za eni ake zinalowamo. Mwana anali atagona pamphasa pakhonde, ndinati ndisamudzutse, ndingothamangitsa mbuzizi n'kubwerera. Ndinauza mtsikana kuti amuyang'anire mchimwene wake. Chitseko ndinakoka, koma loko wake anali wakufa kalekale. Mbuzi nazo, ukathamangitsa iyi, iyo yalowera uko. Kenako ndinamva kuti kunyumba kuli zii. Amene ali ndi ana akudziwa, phokoso silioopsa, choopsa ndi zii.

Ndinawapeza pakhonde pomwepo. Mtsikana atakhala chotambalala, mutu wa mchimwene wake uli pamiyendo pake, mbale yachitsulo ija ili pambali. Anali atapota kachingwe ka dothi bwinobwino monga amachitira bambo ake, ndipo ankakakankhira pakati pa milomo ya mwana ndi kamtengo, akunong'ona.

"Khala phee, ndikukonze pakamwa. Usaseke, ukaseka sakugula."

Mwanayo ankangonyambita, milomo ili yotuwa.

Sindikumbuka kuti ndinadumpha bwanji. Ndinalowetsa chala m'kamwa mwake n'kukokolola, dothi linali kuseri kwa nkhama, pansi pa lilime, ndinakokololanso, iye akulira, akundiluma ndi timano take tiwiri. Ndinamuweramitsa n'kumutsuka ndi madzi a m'ndowa, ndikutsukanso manja a mtsikana, ndikumugwedeza, wadya iwe, wadya? Iye akulira akuti ayi amama, ndinangolawa, n'zowawa. Sindinamumenye. Dzanja linakwera lokha koma ndinaona kuti mwanayu sakudziwa chimene walakwa, wangochita zimene wakhala akuonera.

Ndinabereka wamng'ono, wamkulu ndinamunyamula m'manja, kabotolo ndinakakulunga m'jumbo, n'kuthamangira kumsewu. Wakabaza woyamba amene ndinamuona sindinamufunse n'komwe mtengo. M'njira mwana anasanza kumsana kwanga, dovu likungotuluka, thupi lili lende, ndipo ndinkangomuitana, ndikumugwedeza ndi chigongono kuti asagone. Kuchipatala anamwino anandifunsa dzina la mankhwala, ine n'kuwapatsa botolo lopanda dzina. Ananunkhiza patali n'kundiyang'ana. Mwana anamubaya jakisoni, anamuika diripi, anativula zovala zonse kuti tisambe ndi sopo. Atandifunsa kuti mankhwala a fodya afika bwanji m'kamwa mwa khanda, ndinayamba kufotokoza za mbawala, koma pakati pa nkhani ndinaona kuti mayi wa pabedi loyandikana nafe wasiya kudya akundimvetsera, ndiye ndinangoti anali m'dothi.

Anatigoneka. Mwana anatsitsimuka, anayamwa, ndipo mtsikana analibe vuto. Amuna anga anabwera ndi mabanzi, maso ali ofiira, anamugwira mwana kaphazi. Ndinawamvera chisoni, sindinama. Koma atasendera pafupi ndinamva fungo lija m'malaya mwawo, ndinatembenukira kukhoma.

Titatuluka, ndinafika pakhomo n'kuona chinthu chija chidakali patebulo, mapini ali nyomi kuzungulira pakamwa, mbali imodzi yatsekeka bwino, inayo mlomo ukulendewerabe. Pambali pake panali dothi latsopano, lokanya kumene, atavindikira ndi kansanza konyowa.

"Ili lilibe mankhwala ambiri," anatero msanga. "Ndiziliika pamwamba. Yatsala ngodya imodzi yokha, amake mwana, imodzi basi."

Ana ndinakawasiya pansi pa mtengo wa mango kutali ndi khonde, wamkulu nditamuuza kuti akasuntha aona. Dothi lija ndinakalitaya m'chimbudzi pamodzi ndi mbale yake. Ndinatenga khasu n'kuyamba kupala pansi pabalaza, pomwe timadzi tija tinkadonthera, pomwe mwana amakwawa n'kumaika manja m'kamwa. Ndinapala mpaka dothi lofiira linaonekera, n'kuwola zonse kukataya komweko. Nditagwada n'kununkhiza, fungo linali lidakalipo.

Ndiye ndinatenga zovala za ana zimene zinali pachingwe panja, zam'nyumba sindinakhudze.

"Mukupita kuti?"

"Kwa amayi ku Chiosya. Malizani ngodya yanuyo, mukaipereke kwa eni ake. Mukabwera muzire pansi ponsepa ndi dothi la kudambo, muchape bulangete, musambe. Mukatero mudzatitenge."

"Ine ndizire? Anthu adzati chiyani?"

"Adzati mwazira."

Apongozi anali ataima pakhomo pawo akuyang'ana, sanandiletse. Ndinamanga wamng'ono kumsana ndi chitenje chobwereka, wamkulu ndinamugwira dzanja molimba mpaka anadandaula, ndipo tinayenda kukadikira kabaza kumsewu.